Manambala a Madzi a M'ndowa

"Mukachotsa sefa yakaleyo, utoto wonse uthera m'ngalande," ndinawauza abwana. "Manambalawa si oona."

Anaseka, n'kunditembenuzira kompyuta. Mizere yonse inali yobiriwira.

"Mayi, makina sanama. Miyezi isanu madzi athu akutuluka oyera. Ntchito yanu n'kukopera manambala, osati kulosera."

Ndinalephera kupitiriza, chifukwa wolakwayo ndinkagona naye nyumba imodzi.

Pafakitale yathu yonyika nsalu anaika kachipangizo koyeza madzi otayidwa. Utoto ukachuluka kankalira, makina onse n'kuima, anthu n'kuweruka mochedwa. Ndiye bambo a mwana wanga, amene ankayang'anira mapaipi, anapeza nzeru: anakazula mupaipi n'kukaviika m'ndowa ya madzi apampopi. Kanangoti zii. Anzawo anayamba kuwatcha Adokotala. Ine m'mawa uliwonse ndinkakopera manambala a madzi a m'ndowa, n'kusaina pansi.

Akuluakulu ataona manambala okongolawo, anati njira yawo yatsopano yonyikira nsalu yatheka, sefa ikungodya magetsi. Anaichotsa. Kunabwera alendo, tinaomba m'manja, aliyense analandira malaya oyera okhala ndi tsamba lobiriwira pachifuwa.

Ngalande ija imadutsa kuseri kwa nyumba za antchito, kumene tinkakhala.

Patatha milungu itatu, ndikusambitsa mwana madzulo, anakuwa madzi atangomukhudza. Timapazi take tinali tabuluu, khungu likusendeka pakati pa zala.

"Bambo ake, taonani."

Anasuzumira pang'ono, n'kubwerera pafoni.

"Mumupake mafuta. Nanunso mumamulekereranji kukasewera kumeneko?"

"Mawa mukawauze abwana za ndowa ija."

"Ndikadzipereke ndekha ngati mbuzi?" Anaika foni pansi. "Iwe, usaiwale. Ndowa ilibe dzina la munthu. Pamapepala paja pali dzina la ndani?"

Chikwatiranireni, aka kanali koyamba kundiitana kuti iwe.

Ndinakataya madzi osambira panja, ndikuwerenga mumtima: basi yoyamba yopita kwa achemwali anga imanyamuka kusanache, ndipo chipatala chili pafupi ndi kwawo. Chikwama chimodzi chikwanira.

Bandeji munalibe m'nyumbamo. Ndinatenga malaya aulere aja, n'kuwang'amba ndi mano, n'kumanga timapazi tija. Tsamba lobiriwira linagwera pachidendene penipeni. Ndisanamalize mfundo yachiwiri, linali litayamba kale kunyowa.