Kapu ya Madzi ya a Mabuleki

Mabasi khumi ndi anayi anangoti mbwee pabwalo la kampani, udzu utamera m'matayala. Madalaivala ambiri anali atathawira kumathiraki akunja. Wophunzitsa atsopano anali a Mabuleki, mkulu wa mtima wapachala, ndipo anali ndi mayeso awoawo: ankaika kapu yodzaza madzi pafupi ndi chiwongolero. Madzi akatayika, walephera basi.

Tsiku limenelo wolephera anali mkamwini wawo. Pakona yoyamba yomwe, madzi onse anathera m'nsapato za apongozi.

"Sainani," anatero bwana wa kampani muofesi, akukankha pepala. "Anthu akuima pasiteji maola atatu. Mukufuna ndiyendetse ndine?"

"Waphunzira masabata atatu okha, bwana! Buleki amaponda ngati akupha njoka."

"Si mwamuna wa mwana wanu yemwe ameneyu?"

"N'chifukwa chake ndikumudziwa."

Bwana anasaina yekha. A Mabuleki magazi anawira. Zaka makumi atatu pantchito, lero n'kusanduka chidindo!

Kunyumba mwana wawo wamkazi sanawapatse n'komwe moni. "Munthu wakhala pakhomo zaka ziwiri, Bambo, inu n'kumamukaniza ntchito chifukwa cha kapu? Mawa basiyo ndikwera, muone."

Anakweradi. M'mawa a Mabuleki anamuona pampando wakutsogolo, ali ndi pakati potopa kale, mwamuna wake ali pachiwongolero, kumbuyo anthu atadzaza mpaka pachitseko. Basi inayamba kutsetsereka kulunjika kugeti.

Iwo anakaima pakati pa getilo, kapu yodzaza ili m'manja. Mlonda anakuwa, koma a Mabuleki sanasunthe. Mkamwini anawaona akadali patali ndithu, koma mwendo unayamba wafufuza kaye buleki, kenako anaponda ndi mphamvu zonse. Matayala analira, anthu anagwerana, mwana wa a Mabuleki n'kumenyetsa chipumi pagalasi. Chitsulo chakutsogolo chinagunda kapu ija, madzi khavu pamalaya.

Bwana anatulukira akuthamanga. "Mwapenga kodi?"

"Ine ndinangoima, kunja kutayera kale!" anakalipa a Mabuleki. "Kumsewu anthu saima, amadumpha. Mukasainanso kumeneko?"

Mwana wawo anazula makiyi, natsika pang'onopang'ono atagwira mimba, chipumi chikutupa. Anawaika makiyiwo m'kapu ya bambo ake.

"Mwapambana, Bambo," anatero. "Munandiona pampando paja, koma munaimabe. Mwanayu akabadwa, kwathu musadzapondeko."