Okidi Pakati pa Tomato

Mkazi wanga atagula duwa la okidi, wogulitsa anamuchenjeza kuti asaliike m'dothi, chifukwa limakula m'makungwa. Mawa lake amayi anga anabwera kudzacheza. Ife tili kuntchito, iwo anaona mizu itatulukira kunja kwa kamphika kake, chisoni n'kuwagwira.

Pobwerako tinawapeza akusamba m'manja, akumwetulira.

"Apongozi, duwa lija lili kuti?" anafunsa mkazi wanga.

"Anakuberani, mwana wanga. Munalibe dothi olo pang'ono! Ndalibzala kuseri, pakati pa tomato, ndathirakonso manyowa a nkhuku."

Mkazi wanga anathokoza mwaulemu, kwinaku akundiponda phazi. Amayi atalowa kubafa, ndinathamanga kukalifukula n'kulibisa kuchipinda kwathu.

M'mawa amayi anapita kukalithirira, n'kubwerako atagwira pakamwa. "Ana inu, samukani. Kuno kuli akuba!"