Msampha pa Mtengo wa Chitseko

Kuseri kwa nyumba ya akalipentala kunali mitengo ya paini, ndipo iwiri inali itayamba kufiira masamba. Pamakungwa pake panali timabowo, pansi pali utuchi. Iwiriyo sinawadandaulitse kwenikweni. Mtima wawo unali pa mtengo waukulu umene anadzala chaka chimene mwana wawo wamkazi anabadwa. Anamulonjeza kuti chitseko cha nyumba yake chidzachokera mumtengowo.

Kumsonkhano wa zankhalango kunagawidwa misampha ya tizilombo toboola makungwa. Akalipentala, munthu wosakhazikika pampando, analandira wawo n'kunyamuka malangizo asanathe. Atafika anaupachika pa mtengo waukulu uja.

"Kodi kaikidwe kake munamva bwino?" anafunsa akazi awo.

"Amayi, mlonda amaima pamene pali chuma," anayankha monyadira.

Sipanapite nthawi, anapeza utomoni ukuchucha pamtengowo, tizilombo takuda tikuyenda pakhungwa. Mantha anawagwira. Akazi awo anangokaitana mlangizi wa zankhalango, mayi wofatsa.

"Bambo, msampha uwu suthamangitsa tizilombo, umatiitana," anatero mlangiziyo. "Kachilombo koyamba kakaboola khungwa, kamatulutsa fungo louza anzake kuti kuno kuli chakudya. Timabwera tambirimbiri mpaka mtengo kulephera kudziteteza ndi utomoni wake. Mumsamphamu muli fungo lomwelo."

Akalipentala anaununkhiza. "Ine ndakalambira m'matabwa, koma sindikumva kanthu."

"Si fungo la mphuno zathu, bambo."

"Ndiye mlonda wanu uja ntchito yake ndi kuitana akuba?" anafunsa akazi awo. Akalipentala anangokanda m'mutu. Safunsa anadya phula.

Tsiku lomwelo anasamutsira msamphawo pamtetete, kutali ndi mitengo. Iwiri yodwala ija anaidula, n'kusenda makungwa ake n'kuwatentha, kuti tizilombo tisaswanirane mmenemo. Waukulu uja unali ndi mabowo ochepa, ndipo mlangizi anati auyang'anire.

Mvula itagwa, masamba ake anali akadali obiriwira. Mwana wamkazi uja atabwera kudzacheza, bambo ake anamutengera kuseri n'kusisita khungwa la mtengowo.

"Chitseko chako chilipo, mwanangu. Chinangotsala pang'ono kudyedwa ine ndikuona."

Tizilombo toboola makungwa timaitanana ndi fungo. Msampha tiziuika kutali ndi mitengo yabwino, mitengo yodwala tiziichotsa msanga, ndipo malangizo tizimva mpaka kumapeto.