Mkamwini Wonyambita Mafupa

Mwana wanga wamkazi atandiuza kuti wapeza mwamuna, ndidafunsa funso limodzi basi: amagwira ntchito yanji? Iye adangoti, "Amayi, tiyeni mukadzionere nokha." Ndidavomera, koma ndidamuuziratu kuti ndikapanda kukhutira, za ukwati aiwale. Mwanayu ndi mmodzi yekha, ndipo ndidamulera ndi sopo m'manja. Kwathu supuni ikagwa pansi timaitsuka kawiri.

Adanditengera kunyumba yosungirako zinthu zakale, osati kutsogolo kowala kumene amalowera alendo ayi, koma kuseri, m'chipinda chonunkha fumbi ndi guluu. Patebulo padali chibade chachitali kuposa mkono wanga, mano ake ofiirira ngati a munthu wosuta fodya. Mnyamata wovala magalasi adadzuka n'kundipatsa moni mwaulemu ndithu, ndi manja awiri. Mumtima ndidati, chabwino Magalasi, wayamba bwino.

"Mayi, ichi ndi chipembere," adatero. "Koma si cha masiku ano. Mtundu wake udatha kalekale. Tidachifukula mumtsinje wouma, ndiye tikufufuza tizidutswa totsala kuti tilumikize nsagwada."

Ndidangogwedeza mutu. Munthu wamkulu, wandevu zake, kumalumikiza nyama yoti idafa agogo a agogo athu asanabadwe! Komabe ntchito ndi ntchito.

Kenaka adakoka thireyi yodzaza timiyala tadothi, n'kutola kamodzi, n'kukapukuta pamalaya. Abale inu, adakanyambita! Lilime lonse panja, ine ndikuona. Adakaika kumanja, n'kutola kena, kunyambitanso, kukaponya kumanzere.

"Bambo, mukutani kodi?" ndidakuwa.

"Ndikusiyanitsa, mayi. Fupa lili ndi timabowo, ndiye limakakamira palilime. Mwala sukakamira. Maso okha amanamiza."

"Ndiye kuti mukudya mtembo?"

Adaseka, ati si mtembo, ndi mafupa oti adauma kalekale. Adawonjezanso kuti m'thireyimo nthawi zina mumapezeka ndowe zouma za afisi amene adadya chipemberecho. Izi adazinena monyadira, nkhope ili mwee. Malovu adadzaza m'kamwa mwanga, ndipo ndidasowa polavulira. Ndidayang'ana milomo yake yotuwa ndi dothi n'kuganiza kuti ndi yomweyo idzamwere makapu anga.

Ndidatembenukira mwana wanga. "Tenga chikwama tizipita. Ine sindidakuvutikire kuti ndikakupereke kwa munthu wonyambita mafupa ngati galu wakudzala. Ndanyansidwa, ndakana, ndipo sindisintha."

Koma mwana wanga sadatenge chikwama. Adapita kuseri kwa chitseko, n'kuchotsa epuloni pamsomali, osayang'ana n'komwe pomwe idali. Idamukwana ndendende. Adakhala pampando wachiwiri womwe ine sindidauone polowa, n'kukokera thireyi ija kwa iye.

"Iwe, usayerekeze," ndidatero.

Adatola kachidutswa kamodzi, n'kundiyang'ana m'maso, n'kukaika palilime. Ngakhale tsinya lokha sadachite. Kadakakamira pomwepo, kali lende, mpaka adachita kukachotsa ndi zala.

"Ili ndi fupa," mwana wanga adamuuza Magalasi. "Tayesani pamalo otsala paja."

Mnyamatayo adakalandira n'kukagunditsa pansagwada. Kadalowa bwinobwino. Onse awiri adaweramira pamenepo, mitu itagundana, ine atandiiwala.

"Amayi," adatero mwana wanga osadzutsa mutu, "masiku onse aja ndinkati ndili kwa mnzanga, ndinkakhala muno. Theka la nsagwadayi ndidalumikiza ndine. Ndimafuna mudzaione, si kuti mudzandiloleze."

Mwana yemwe ndinkamumenya kadzanja akatola switi pansi! Ndidanyamula chikwama changa n'kuima pakhomo kudikira kuti anditsatire. Ndidamva burashi yokha ikupala fupa.

M'basi ndi momwe ndidakumbukira kuti m'mawa uja, tisananyamuke, mwana wanga adandipsompsona patsaya. Ndi pakamwa pomwe paja! Ndidatulutsa kampango n'kuyamba kupukuta mwamphamvu, mpaka amayi ena pambali panga adafunsa ngati china chandiluma. Kenaka dzanja lidaima lokha. Ndidapinda kampango kaja n'kukabwezera m'chikwama, poti sindinkadziwa ngati adzandipsompsonenso.