Ana Ndi Angati

1.

Ana ndi angati?

Awiri.

Ndi mmene ndinayankhira, ndipo bambo a Ndazi analemba momwemo pa fomu ya kampani. Ndaziona, zaka khumi ndi zinayi. Yankho, zaka zisanu ndi chimodzi. Onse aakazi. Sitinanamize munthu.

2.

Bambo a Ndazi, amene mapepala amawadziwa kuti Filimoni Kachingwe, amakonza makina oziziritsira mkaka. Akhala akuyenda pa njinga yamoto m'magulu a alimi a ng'ombe kuno ku Mitundu zaka zambiri, mpaka kampani ina yakunja inamva za manja awo. Inati malo tili nawo awiri, Nairobi ndi Dubai, musankhe nokha. Mubwere ndi banja. Ana akalowa sukulu ija yophunzirako ana a mitundu yonse. Mutiyankhe mwezi uno usanathe.

Tsiku limenelo ndinapha tambala.

3.

Bambo a Ndazi analemba kuseri kwa kalendala.

Nairobi:
nkufupi, maliro akagwa kumudzi tsiku lomwelo wafika
mvula ngati yakwathu
mphunzitsi wa ana osamva pasukulupo palibe, ati tilembetse, tidikire zaka ziwiri kapena zitatu

Dubai:
nkutali
kumatentha
sukulu ili ndi kalasi ya ana osamva
chipatala choika kachipangizo kothandiza kumva chilipo, kampani yavomera

Titawerenga tinayang'anana. Panalibe choti nkusankha. Dubai.

4.

Yankho anali ndi zaka zitatu pamene matenda oumitsa khosi anamugwira, tinagona naye m'chipatala masabata atatu ndipo anatuluka wamoyo, tinathokoza, tinaimba, mpaka tsiku lina mbale yachitsulo inagwa kumbuyo kwake nkhuku zonse kubalalika iye osatembenuka, ndipo kuyambira pamenepo mawu amene anali nawo anayamba kuyoyoka limodzilimodzi ngati masamba a m'chilimwe, linapita la nkhuku, linapita la madzi, linapita la ababa, la amama linakakamira chaka chathunthu nalonso nkupita, ndipo dokotala wa ku Lilongwe anatiuza mofatsa kuti mutu wa mwana uli ngati dongo, umaumbika ukadali wofewa, musachedwe

Latsala limodzi.

Ndazi.

5.

Palibe anawaphunzitsa. Anapangana okha awiriwo, kuseri kwa khola, Ndaziona ndi mng'ono wake.

madzi: chala chigogode pamlomo kawiri
mbuzi: kukoka chibwano
amayi: kumanga chitenje m'chiuno
abambo: kupotokola sipanala
njala: chikhatho pamimba
wabodza iwe: kutsina mphuno
mawa: kuponya dzanja kutsogolo
Ndaziona: chala pansi pa diso

Yankho akalira, ife timaitana Ndazi. Akudandaula chiyani mnzakoyu? Ndazi amagwada, manja anayi nkuyamba kuvina, kenaka amati, akuti nsapato ili ndi kamwala.

6.

Kampani inati titumizireni ziphaso za kubadwa za ana.

Pa chiphaso cha Ndaziona, pamalo pa mayi, palembedwa Elube Chisale.

Elube anali mkulu wanga, bere limodzi. Anabereka Lachiwiri, Lachisanu tinamuika m'manda. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wosakwatiwa. Pochoka kumanda amayi athu anandipatsira kakhandako m'manja, nati dzina lake Ndaziona, chifukwa ndazionadi. Bambo wake anapita ku Joni mwana asanamere mano. Filimoni podzandifunsira anandipeza ndili naye kumsana, ndipo sanafunse kuti ngwayani. Mudzi wonse umandiitana amake Ndazi. Dzina langa la utsikana ndimalimva kuchipatala kokha.

Mayi wa ku ofesi ya kampani anaimba foni masana. Amalankhula Chingerezi, bambo a Ndazi nkumanditanthauzira.

Akuti ameneyu ndi mwana wa mchemwali wanu?

Muwauze kuti mwana wa mkulu wanga ndi mwana wanga. Kwathu kuno dzina lina kulibe.

Ndawauza, amake Ndazi.

Akuti chiyani?

Akuti ku Nairobi angathe kumutenga ndi kalata yoti tikumulera ndife. Ku Dubai sangathe, pokhapokha khoti litipatse mwanayu, ndipo bambo wake womubereka asayinire.

Muwauzenso.

Akuti pepani.

7.

Ana ndi angati?

Ku Nairobi, awiri.

Ku Dubai, mmodzi.

8.

Tinapangana kuti Ndaziona asamve. Za Elube sitinamuuzepo chibadwire. Tinkati akule kaye, ndipo anakula tikuti akule kaye.

Iye ndiye anali ndi phokoso lonse m'nyumba.

Amayi, Dubai basi. Kuli nyumba yoti mutu wake uli m'mitambo.

Ndiye ukaterereka pamwambapo akakutola ndani?

Mumakwera ndi makina, amayi, osati makwerero a pankhokwe.

Nanga Nairobi wakulakwira chiyani?

Nairobi ndi Lilongwe yemweyu, wangovala jekete.

Bambo ake anaseka kwambiri, mopitirira, kenaka anatuluka kukakonza njinga yamoto yomwe inalibe vuto. Ine ndinaweramira m'lichero. Mwana akusankha yekha malo oti ife tipite iye nkutsala, akuseka.

9.

Ku Joni tinafunafuna.

nambala yoyamba: sikupezeka
yachiwiri: anayankha munthu wachilankhulo china
mnyamata wa ku Kamphata amene anabwerako chaka chatha: ndinawaonapo, koma kale
mlongo wake wa bamboyo: ifenso tikuwafuna, mukawapeza mutiuze

Kalata ya khoti, anatero odziwa, si ya mwezi umodzi, ngakhale iwiri.

10.

Ndinakwera minibasi kupita ku Nathenje kwa achimwene anga aLaisoni, eni mbumba. Ndinawapeza akusoka matumba a fodya.

Mwanayo ngwathu, mlongo. Msiye kuno. Alowa sukulu yogonera konko, patchuthi azibwera kwa ine. Mwana wa Elube sangasowe pogona ine ndili moyo.

Achimwene, sindikufunsa za pogona.

Nanga ukufunsa chiyani?

Anasiya singano.

Unamuyamwitsa ndi kapu, ndikudziwa. Ndinalipo. Koma winayu akakula wopanda mawu, udzamuuza chiyani?

Sadzamva.

Ndi zimenezotu, mlongo.

11.

M'munda, tikuzula mtedza.

Sankhani ndinu, bambo a Ndazi. Ntchito ndi yanu.

Ayi, amake Ndazi. Ana ndi anu.

Lero akhala anga?

Sindikutero. Ndikuti ndikanena Dubai, mudzati nchifukwa choti winayo si magazi anga. Mudzakhala chete, koma mudzatero mumtima, zaka zonse.

Nanga mukanena Nairobi?

Ndiye kuti ndatseka makutu a Yankho ndi manja angawa.

Tingokhala konkuno, ndinatero.

Konkuno akumva?

Tinazula mzere wina wonse. Kumapeto kwake anakhala pansi pa mzere, munthu wamkulu, nkubisa nkhope m'chipewa. Ndinayang'ana kumbali kuti asachite manyazi.

12.

Masiku amenewo Ndaziona anayambitsa masewera. Akaweruka kusukulu ankandipeza pakhonde ndikusenda mtedza.

Amayi, mbuzi?

Ndinkakoka chibwano.

Eya. Njala?

Ndinkagwira pachifuwa.

Pamenepo mwati chitenje chapsa. Pamimba, amayi. Manja anu ndi achibwibwi.

Iwe, manjawa anakusambitsa.

Ndiye aphunzire zina. Mutu ukundipweteka?

Ndiphunzirirenji zonsezi iwe ulipo?

Nanga ndikapita kuchigayo?

Yankho ankakhala pamphasa nkumationerera. Ndikalakwitsa ankatsina mphuno yake, wabodza iwe, nkugwa chagada ndi phwete. Kuseka kwake kokha ndiko sikunadwale.

Tsiku ndi tsiku. Mawu khumi, mawa lake khumi ena. Ine ndinkangoti mwana akusewera.

13.

Lachitatu la sabata yomaliza, m'mawa. Ndaziona ananyamula chikwama, ulendo wa kusukulu. Yankho anamuthamangira mpaka pa mpanda, natsegula pakamwa kuti amuitane.

Kale linali Ndazi.

Chaka chatha linali Azi.

Lachitatu limenelo panatuluka mpweya wokha.

Anayesanso. Anandiyang'ana, ngati ndine ndalibisa. Kenaka anaika chala pansi pa diso.

Ndinapita kuseri kumene bambo ake ankasamba m'manja.

Dubai, ndinatero.

Ndanena ndine, ndinawonjezera. Mudzakumbukire kuti ndinanena ndine.

14.

Timuuza liti?

Mawa.

Mawa linafika. Timuuza liti?

Mawa.

Lachisanu ndiye linali tsiku lotumiza fomu. Ndinati lero akaweruka ndimukhazika pansi, ndiyambira pa Elube, ndimuonetsa chiphaso, andide ngati akufuna kundida. Ndinatsegula sutikesi momwe timasungamo mapepala. Fomu yatsopano, yomwe kampani inatitumizira ife nkuisiya yosalemba, inali pamwamba. Pa funso lija wina anali atayankha kale ndi cholembera cha buluu, zilembo zoongoka bwino, za mwana wa sukulu.

Mmodzi.

Pansi pake panali kope. M'kati mwake zithunzi za manja, tsamba ndi tsamba, chilichonse ndi tanthauzo lake. Tsamba loyamba linali kalata.

15.

Amayi,

Musavutike ndi poyambira. Za amayi Elube ndinadziwa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, tsiku lomwe tinakamanga chiliza chawo. Munandituma kuthira madzi pa simenti ndipo ndinawerenga tsiku lomwe anamwalira. Ndinachotsera tsiku langa lobadwa. Panatsala masiku awiri. Samu imeneyo ndi ya Sitandade 2. Sindinanene chifukwa munkaoneka kuti mukuopa, ndipo ine sindinkasowa kanthu.

Kalata ya kampani yonena za khoti ndinaiwerenga pa foni ya ababa pamene anandituma kukaitchajitsa ku golosale. Pepani. Chingerezi munandilipirira nokha.

Nyumba zazitali zija sindizifuna. Ndimachita chizungulire ngakhale pa mtengo wa mango. Ndinkangofuna kuti mukadzasankha Dubai muziti mwana ankakufuna yekha.

M'kopemu muli mawu onse a Yankho, zana limodzi ndi makumi atatu ndi anayi. Ambiri mwawadziwa kale. Pa njala mumalakwitsabe. Akakoka khutu lakumanzere sikuti likupweteka, akufuna mumuimbire, aike dzanja pakhosi panu. Ababa muwaphunzitseko, amangodziwa sipanala.

Pa foni tiziyesa, koma netiweki ya kwa amalume mukuidziwa, imaumitsa manja m'malere. Akadzayamba kumva, mudzamuuze kuti mawu akubwerawo ndi anga. Sadzawazindikira.

Mukakakwera ndege adzaika chala pansi pa diso. Adzaikanso mukakafika, ndi masiku ena ambiri. Musadzapukuse mutu. Mudzaponye dzanja kutsogolo. M'chilankhulo chathu cha manja mulibe sabata, mulibe chaka. Mawa ndi tsiku lililonse lomwe silinafike. Choncho simudzakhala mukunama, monganso simunaname pamene munati awiri.

Pa fomu ndalemba ndine kuti dzanja lanu lisalembe zimenezo.

Chimodzi chokha ndikupempha. Kumeneko anthu sakudziwani, ndipo adzaona mwana mmodzi. Akadzafunsa kuti tizikuitanani ndani, musadzasinthe.

Muziti amake Ndazi.