Wotchi ya Dzanja Lamanzere

"Apa pokha anakuberani, alamu," anatero mwamuna wa mlongo wake wa Pasipoti, akuloza wotchi imene inagonekedwa pa thaulo pansi pa galasi. "Ndalama zoti munthu n'kugulira njinga yamoto, inu kukagula chinthu choima? Yanga ya pamsikayi sinadwalepo ngakhale chimfine."

Pasipoti anaseka mokweza, kuseka koyamba chiwaikireni m'manda bambo ake dzana. Dzina limeneli anam'patsa ndi malemuwo, chifukwa akabwera kwawo ankayamba kuonetsa zidindo za maiko asanapereke moni. Anachoka pakhomo pano ndi jumbo ya zovala, n'kuyamba kugulitsa zipangizo zakale za galimoto pa tebulo. Tsopano makontena ake ankawoloka nyanja, ndipo iye sankalola kuti munthu aiwale zimenezo.

Anali atatu m'chipinda chakutsogolo chimene bambo awo ankameteramo anthu: iye, mlongo wake ndi mlamuyo, dalaivala wa basi. Ankalongedza zipeso, malumo ndi makina ometera m'katoni. Amayi awo anali kuchipinda.

"Alamu, inu dziwani za matayala, za mawotchi zisiyeni," anatero Pasipoti. "Iyi ndinaigula pa bwalo la ndege lalikulu kuposa tauni yonse ino. Ndinayesa mawotchi mpaka wogulitsa anatuluka thukuta. Alipo odula ngati nyumba, ovala anthu osagwira ntchito. Alipo otchipa ngati yanuyo, oti mvula ikangowopseza ayamba kulira misozi m'kati mwa galasi. Iyi ndi yapakati, ya amuna otakataka. Chitsulo chokhachokha. Mutha kumira nayo pansi pa nyanja, mkombero uwu ukukuwerengerani mphindi."

"Bambo akanamira kuti?" anafunsa mlongo wake osadzutsa mutu. "M'ndowa?"

"Iwe, ukamagulira kholo sufunsa kumene likamire."

"Nanga batire?" anatero mlamu. "Chaka chimodzi chokha latha kale."

"Ilibe batire. Pamenepo ndi pamene panapita ndalama zanga. Imeneyi imadya dzanja. M'katimu muli kachitsulo kozungulira, mkono ukamayenda kamaipatsa mphamvu. Ukaivula, masiku awiri yagona. Ndinawauza bambo kuti dzanja la wometa silipuma, mudzayamba kutopa ndinu."

Anainyamula n'kuigwedeza pang'ono. Muvi wa masekondi unadzuka, n'kuyamba kuyenda mosalala pa nkhope yake yabuluu.

"Mwaona? Inangogona chifukwa anaivula."

"Kuvula ndiye ayi," anatero mlamu, wokondwa kuti wapeza pomugwirira. "Madala aja ankagona nayo, kusamba nayo. Tinachita kuwavula ife atatsirizika, lamba atalemba pa khungu."

Chipeso chinapulumuka m'manja mwa mlongo wake wa Pasipoti.

Pasipoti anali akuyang'ana kazenera kakang'ono kosonyeza tsiku. Kanalemba 6. Bambo ake anamwalira pa 24. Wotchi yovulidwa pa 24 ikanapitirira kuyenda yokha, osati kubwerera m'mbuyo. Ngati inaima pa 6 ili pa mkono, ndiye kuti mkonowo ndi umene unaima.

"Munandiuza kuti anagwa akumeta munthu," anatero. Mawu ake anali otsika, ndipo palibe amene anawazolowera choncho. "Munati anagwa m'mawa, madzulo n'kupita."

"Mwina yangowonongeka, achimwene."

"Yayenda pamaso pako."

Mlamu anakanda m'mutu, nanena kuti akaone ngati basi anaikhoma bwino. Basiyo inali ku depoti. Anatuluka mwachangu, chitseko osatseka.

Pasipoti anakhala pa benchi ya odikira. Zinayamba kumubwerera chimodzichimodzi. Akaimba foni ankamva kuti bambo akusamba, bambo ali ndi kasitomala, bambo angogona kumene. Akafuna kuwaona pa foni, netiweki inkavuta tsiku lomwelo. Atalimbikira anam'tumizira chithunzi: bambo atakhala pa mpando wometerapo, akuyang'ana kumbali, mkono uli pa chogwirira, wotchi ikuwala. Iye anaonetsa chithunzicho kwa anzake mu hotela, akuti taonani mdala wanga. Sanadzifunse kuti munthu amene sanakhalepo pa mpando wa makasitomala moyo wake wonse wakhalapo bwanji.

"Lankhula," anatero.

Mlongo wake anatola chipeso chija, n'kuchipukuta pa siketi. "Anafa ziwalo mbali yakumanzere. Pakamwa panapotoka. Mawu ankatuluka, koma tinkamva ndife tokha."

"Ndipo ndani ankadziwa?"

"Aliyense."

"Aliyense." Anaseka kuseka kouma. "Ndiye dzana lija ndinaima pamaso pa khamu, suti yanga yakuda, ndikuti bambo anga afa chiimire ngati mwamuna, lumo lili m'manja. Anthu akugwedeza mitu. Makasitomala awo, aneba, ngakhale mayi wogulitsa mayunitsi pakona paja. Onse akudziwa kuti chitsiru ndi ine."

"Palibe ananena kuti ndinu chitsiru."

"Ndinali ulendo wa ndege imodzi, iwe. Imodzi. Ndikudziwa madokotala oti munthu amalowa pa machira n'kutuluka akuthamanga. Ndikanawanyamula tsiku lomwelo."

"N'chifukwa chake."

"Wati chiyani?"

Mlongo wake anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba. Maso ake anali ofiira, koma osati ndi misozi ya lero.

"Anatiletsa ndi eni ake. Anati musamuuze, abwera ndi phokoso. Andinyamula ngati katundu wa m'kontena, andijambula ndikutuluka dovu, dziko lonse lione m'mene amasamalira bambo ake."

"Ukunama. Unkafuna ukhale wekha mwana wabwino."

"Mwana wabwino?" Anaponya chipeso m'katoni. "Ine ndinkawatembenuza, kuwasambitsa, kuwasintha zofunda, inu mukutumiza zithunzi za mbale za m'mahotela. Kangati ndinagwira foni kuti ndikuuzeni? Iwo akangoona, ankamenya bedi ndi dzanja lamoyolo mpaka ndiike pansi. Ngati ndikunama, kafunseni amayi."

Pasipoti anadzuka, wotchi ili m'manja. M'kanjira kopita kuchipinda anaona zimene maso ake anadumpha masiku onsewa: mizere iwiri yakuda pa simenti, ndi pulasitala wogumuka m'munsi mwa felemu ya chitseko, pamene chinthu chachikulu chinkagunda polowa. Kuchipinda, kuseri kwa wodiropu, kunatulukira tayala la njinga ya olumala, ataifunditsa nsalu ya pa tebulo.

Amayi ake anakhala pa bedi akupinda malaya oyera a ntchito a malemu. Sanafunse chimene wabwerera. Makoma a nyumba imeneyi sanabisepo mawu.

"Amayi, milungu iwiri yathunthu ndi masiku. Ine mwana wanu woyamba. Ngakhale galu wa pakhomo mukanamuuza."

"Ndani wakuuza za milungu iwiri?"

"Iyi." Anawaonetsa wotchi. "Iyi yokha m'nyumba muno ndi imene sinandinamize."

"Khala pansi, mwanawe."

Sanakhale.

"Nayonso yakunamiza," anatero amayi ake, akusalaza kolala ya malaya ndi chikhatho. "Anagwa miyezi inayi yapitayo."

Pasipoti anagwira wodiropu. Miyezi inayi yapitayo anadutsa pa bwalo la ndege la dziko lino, popita kwina. Anaimba foni ali pomwepo, kuti ali ndi maola ochepa, atha kutenga takisi adzawaone. Anam'yankha ndi amayi ake omwewa, kuti asavutike, bambo apita kukagula zipangizo ku tauni ina.

"Sizingatheke," anatero. "Mkono wakufa suyendetsa wotchi imeneyi. Ikanaima nthawi yomweyo."

"Inaima. Tili m'chipatala. Ataona kuti muvi suyenda anavuta usiku ndi usana, manesi mpaka kudandaula. Mlongo wako anaikonza nthawi. Tinati tiwaveke kumanja, anakana. Anati unawaveka wekha kumanzere, ikhala komweko. Ndinati ndiziigwedeza ine, anandiyang'ana ngati ndawatukwana."

"Ndiye inkayenda bwanji?"

"Ankaiyendetsa okha. M'mawa, masana, madzulo. Ukawaletsa kuti mwatopa, ankati mwana anawononga ndalama zake, asadzamve kuti inaima pa ine. Mwezi uno utangoyamba, dzanja lamanja nalo linafooka. Ndi pamene inaima."

Pasipoti anamva mkwiyo ukukwera mpaka m'makutu, ndipo tsopano unalibe poti ugwere. Mlongo wake anangomvera lamulo la bambo. Amayi ake anangomvera. Amene anam'tsekera chitseko anali pansi pa dothi, mu bokosi limene iye yemwe anasankha, lodula kuposa onse a m'sitolo muja.

"Mphamvu yosamalira chitsulo anali nayo," anatero. "Yondiitana ine analibe."

Amayi ake anapitiriza kupinda malaya.

"Anandifunsapo?"

"Ankafunsa kuti uli dziko liti. Tikawauza, ankagwedeza mutu kuti zili bwino, akhale komweko."

Pasipoti anakhala pansi tsopano, pa mphepete mwa bedi, mbali imene matiresi analowa m'kati. Munthu amene anadutsa m'malire a maiko ambiri popanda womubweza, kwawo anam'bweza ali pa foni, ndipo iye anathokoza n'kukwera ndege ina. Anayang'ana wotchi ija. Muvi unali ukuyendabe ndi kugwedeza kwake kuja, kazenera kakulembabe 6.

"Ankatani?" anafunsa. "Ndionetseni."

Amayi ake anaika malaya pambali. Anagwetsa mkono wawo wamanzere pa ntchafu ngati si wawo. Kenaka dzanja lamanja linapita kukaugwira pa mfundo, linaunyamula movutikira kufika pa chifuwa, n'kuyamba kuuyendetsa uku ndi uku, pang'onopang'ono, m'mene wometa amayendetsera chipeso pa mutu wa mwana woopa makina. Anaweramitsa khutu kufupi ndi mkonowo, namvetsera, napitiriza.