Mbululu m'Galafa la a Nicolau

Iwe mnzanga wakalekale, wasowatu! Tayandikira ndikuuze momwe ndinatsala pang'ono kusamutsitsa munthu pamudzi.

Kwathu kuno ku Ntengo-Wambalame mvula imakondera. Kuseri kwa phiri imachita kukhuthuka, kuno imangolavula malovu. Ndiye anthu ankanong'ona kuti a Nicolau, mkulu woweta ng'ombe amene amalima kuseriko, ndiwo amaikoka ndi mankhwala.

Chaka chino kunabwera a Zaida, técnica, mlangizi wa zaulimi wa ku Tsangano. Anadula magalafa makumi awiri, mabotolo apulasitiki aja, n'kuwaimika m'minda mbali zonse za phiri. Amvekere m'mawa uliwonse tiziyeza madzi a mvula m'magalafamo ndi régua, rula ya kusukulu ija, iwo ajambule mapa a komwe mvula imagwa kwambiri.

Ine paja ukundidziwa. Tsiku lina itangowaza pang'ono, ndinatunga madzi kudambo n'kudzaza galafa la a Nicolau mpaka kukamwa. Ndinkangofuna kuona nkhope yawo basi.

Epa! Dzuwa lisanafike pamutu, mudzi wonse uli m'munda mwawo.

"Mwaonatu!" anakuwa a Felisberto, amalume anga. "Ife três milímetros, mamilimita atatu okha, iwo galafa lodzaza! Asamuke!"

A Nicolau anangovula chipewa. "Ndinabwerako ku Malawi ndi khasu lokha. Ndilowerenso kuti, abale anga?"



A Zaida anafika pa mota, njinga yawo yamoto ija, ananyamula galafa lija n'kuliyang'ana padzuwa.

"A Felisberto, kodi kumwamba kuli achule?"

M'madzimo munali mbululu, ikusambira ngati kwawo.

"Ndine," ndinatero. "Ndinatunga kudambo."

Amalume anandiyang'ana diso loti tikaonana kunyumba. Koma a Zaida anatambasula mapa a miyezi iwiri pansi.

"Taonani. Magalafa onse a kuseri kuno amadzaza msanga, ngakhale la apongozi anu, a Felisberto. Mitambo ikagunda phiri imatula madzi mbali ino, kwanu imafika itapepuka. Kapena tisamutse phiri?"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Amalume anakanda m'mutu, kenako anagwira dzanja la a Nicolau ndi manja awiri.

Pano kwathu tadzala nyemba ndi chimanga chocha msanga, ndipo zikuoneka bwino. A Nicolau anatibwereka ng'ombe zolimira. Chilango changa? Ndimazungulira magalafa onse makumi awiri wapansi, m'mawa uliwonse.

Nanga kwanu ku Furancungo mvula ikalambalala munda mumanamizira ndani? Tandilembera nkhani yakwanu pansipa.